Sikopu yodula koma ziro ikungosuntha: poyambira kufufuza

Bambo ena amene amayang'anira famu kumunsi kwa Chikwawa anafika kunyumba kwanga ku Chirimba Loweruka lina m'mawa, mwezi wa Novembala, atanyamula mfuti yawo ya .308 m'chikwama, laisensi ili m'thumba la malaya. Asanakhale n'komwe pampando anayamba kudandaula.

"Achimwene, sikopu iyi ndinagula ndalama yoti ndikanagula ng'ombe zingapo. Ankati ngakhale itagwa pamwala siisuntha. Koma katatu konse ndakonza ziro, ndikangoyenda nayo pagalimoto masiku awiri atatu, chipolopolo chikugwera kumanzere, kutalika kwa chikhatho chathunthu. Kodi anandigulitsa yabodza?"

Ziro ndi pamene sikopu yakonzedwa kuti chipolopolo chizigwera pomwe kamtanda ka mkati mwake kaloza. Ndinawapempha kuti achotse magazini, atsegule mfuti, tione tonse awiri kuti mkati mulibe chipolopolo. Ichi ndi choyamba nthawi zonse, ngakhale mwini wake atalumbira kuti ndi yopanda kanthu. Kenako ndinagwira sikopu ija, galasi lolozera lomangidwa pamwamba pa mfuti, n'kuyesa kuipotoza ndi dzanja. Sinagwedezeke. Ndinamasula maring'i oigwira, n'kuichotsa, n'kuika kiyi pa sikuluwu yakutsogolo ya besi, kachitsulo kamene maring'iwo amakhalapo. Inazungulira theka lathunthu popanda kulimbana nane. Nditanyamula besiyo, pansi pake panali kamatope kakuda konga phala la makala, mafuta osakanikirana ndi fumbi la aluminiyamu, ndipo pamene zitsulo ziwirizo zinkakhudzana panali powala ngati pochita kupukuta. Besi inali ikusuntha pang'onopang'ono kwa miyezi, moti dzanja silikanamva. Sikopuyo inalibe mlandu.

Pa zaka zimene ndakhala ndikuthandiza anthu a malaisensi ndi alonda a m'mafamu kumanga ndi kuyesa masikopu, nkhani zambiri zatha chonchi. Sikopu ya kampani yodziwika ndiyo imakhala yomaliza kulakwa. Koma sindikunena kuti siilakwa, ndipo mtengo wake si umboni. Umboni ndi pepala la chandamale. Chofunika ndi kufufuza mwadongosolo, kuyambira pa zotchipa kukathera pa zodula, chifukwa zipolopolo kuno n'zokwera mtengo ndipo sizigulidwa mwachisawawa.

Ndimaitenga mozama nkhaniyi pa chifukwa chimodzi. Amene amagwira mfuti zoterezi movomerezeka, monga alonda a zinyama ku Majete, kumene African Parks yakhala ikuyang'anira kuyambira 2003, kapena a dipatimenti yoona za nyama zakutchire akaitanidwa kuti ng'ona kapena mvuu yavuta m'mbali mwa Shire, alibe mwayi wowombera kachiwiri modekha. Mvuu yovulazidwa imabwerera m'madzi momwemo mmene amayi amatunga ndi kuchapa. Masentimita khumi pa pepala amaoneka ochepa, koma kumtsinje ndi moyo wa munthu.

Zimene zili mkati

Kuti mufufuze bwino, dziwani chimene chimasuntha. Chubu chakunja chimene mumachiona, kaya cha inchi imodzi, cha 30 mm kapena cha 34 mm, nthawi zambiri ndi cha aluminiyamu. Mkati mwake muli kachubu kena kakang'ono konyamula magalasi. Timitu tiwiri tozunguza tija, kapamwamba ndi kakumbali, timakankha kachubu kamkatika, ndipo mbali inayo kuli sipuling'i imene imakabwezera. Ziro yanu yonse yagona pamenepo: kachubu kopanikizidwa pakati pa timitu tiwiri ndi sipuling'i. Makampani monga Nightforce ya ku Idaho, Schmidt & Bender ya ku Germany, Swarovski ya ku Austria kapena Leupold ya ku Oregon amalipiritsa ndalama zambiri, mwa zina chifukwa cha mmene amapangira tizigawo timeneti ndi mmene amamangira magalasi kuti asasunthe. Komabe sikopu yolimba chotani imakhala pa maring'i, maring'i pa besi, besi pa chitsulo cha mfuti, chitsulocho pa mtengo. Paliponse pamene zinthu ziwiri zakumana, pangathe kusuntha.

Yambani ndi inu mwini ndi zipolopolo

Izi anthu sakonda kumva, koma ndiyenera kunena. Zipolopolo ziwiri kapena zitatu sizikwanira kuweruza kuti ziro yasuntha. Mfuti iliyonse imamwaza pang'ono. Mukawombera ziwiri lero zikagwera kumanja kwa gulu lake lachibadwa, n'kuzunguza timitu, mawa ziwiri zina zikagwera kumanzere, mudzati sikopu yasuntha pamene mwaisuntha ndinu. Womberani zisanu, mfuti itagona pa matumba a mchenga, pa mtunda woyeza ndi tepi, pa malo ovomerezeka okhala ndi chulu kapena khoma la dothi kumbuyo. Pezani pakati pa gululo, lembani deti papepalapo, lisungeni. Popanda pepala lakale lofananitsa nalo, mukungokumbukira, ndipo kukumbukira kumanama.

Onaninso bokosi la zipolopolo. Mu .308 momwemo, chipolopolo cha 150 grain ndi cha 180 grain sizigwera malo amodzi, ndipo ngakhale zolemera mofanana za makampani awiri zimasiyana. Kuno timagula zimene zapezeka, choncho kusakaniza n'kosavuta. Zipolopolo zimene zakhala pa dashibodi dzuwa la Okutobala la ku Nchalo likuswa mtengo zimathamanga mosiyanako ndi zozizira. Mpope wotentha nawonso, makamaka wopyapyala, umayamba kuyendetsa gulu ukawombera motsatizana. Dikirani uzizire. Ena amati vuto ndi kusiyana kwa mpweya, popeza Blantyre ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 pamene Chikwawa ili pansi penipeni. Pa mtunda wautali zimenezo zimawerengedwa, koma pa mamita 100 sizingasunthe chipolopolo chikhatho chathunthu, ndiponso sizingachipititse kumbali.

Pali kayeso kena kosafuna chipolopolo. Goneketsani mfuti pa matumba, kamtanda kali pa chandamale, musaigwire. Suntha-sunthani mutu pang'ono kumanja ndi kumanzere mukuyang'ana mkati. Ngati kamtanda kakuyenda pa chandamale, imeneyo ndi parallax, ndipo kulikonse kumene tsaya lanu lagona mosiyana, chipolopolo chipita kwina. Sikopu yokhala ndi kamutu kachitatu kumanzere, zunguzani kufikira kamtanda kaima nji. Musadalire manambala olembedwapo. Yopanda kamutuko inakonzedwera mtunda umodzi kufakitale, kawirikawiri mayadi 100 kapena mamita 100, ndiye mankhwala ake ndi kugoneka tsaya malo amodzi nthawi zonse.

Masikuluwu: apa ndiye pagona nkhani

Mukatsimikiza kuti gulu lasunthadi, pitani ku masikuluwu, kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Oyamba ndi amene amamanga chitsulo cha mfuti ku mtengo wake. Mtengo wa thabwa umapuma. Nyengo yamvula, kuyambira Disembala mpaka Malichi, umamwa chinyezi n'kutupa. Chilimwe umauma n'kufota, masikuluwu n'kukhwepa. Tengani pepala la K1,000, lipiseni pansi pa mpope, likokeni kuchokera kutsogolo kubwera kumbuyo. Pa mfuti imene mpope wake unapangidwa kuti usakhudze mtengo, liyenera kudutsa osakodwa. Likakodwa pamene kale linkadutsa, mtengo wapindika ndipo ukukankha mpope. Ziro ya mfuti yotereyi imayenda ndi nyengo, ndipo sikopu ya mtengo uliwonse siingathetse zimenezo.

Besi siyesedwa sikopu ili pomwepo, chifukwa masikuluwu ake ena amabisika pansi. Chotsani sikopu. Masulani besi yonse, pukutani mabowo ndi masikuluwu ndi sipiriti mpaka mafuta onse atachoka. Mafuta amene timathira mowolowa manja poopa dzimbiri ndi omwewo amene amatsetserekera m'mabowomo. Kenako yesani sikuluwu iliyonse payokha: mangani imodzi yokha, gwedezani besi. Ikagwedezeka sikuluwu italimba, ndiye kuti ndi yaitali, yafika pansi pa bowo isanagwire besi. Zimachitika kawirikawiri pa bowo lakutsogolo, lomwe limakhala pamwamba pa mazinga a mpope. Mukamanga onse anayi nthawi imodzi simungadziwe. Ya bambo a ku Chikwawa aja inali yotero: atatu ankagwira, yakutsogolo inali yongokhalapo, kenako n'kumasukiratu. Tinaipala pang'ono ndi fayilo. Pa masikuluwu a besi kadontho ka Loctite yabuluu, guluu woletsa masikuluwu kumasuka, n'kothandiza. Yofiira ayi, imafuna moto kuti imasuke.

Ngati besi yanu ndi ya mipata yopingasa ya Picatinny, kankhirani ring'i iliyonse kutsogolo, mbali ya kukamwa kwa mfuti, musanamange. Mfuti ikalira imabwerera m'mbuyo, sikopu imafuna kutsalira pamene inali, ndiye kuti imakankhira kutsogolo. Ring'i ikakhala itatsamira kale khoma lakutsogolo la mpatawo, ilibe kopita.

Tsopano maring'i eni ake, pamene ndimaona kuwonongeka kochuluka. Munthu akaona ziro ikusuntha, amatenga kiyi n'kumanga ndi mphamvu zonse za dzanja lolima. Chubu cha aluminiyamu chimafinyika, kachubu kamkati kamapanikizika, timitu timasiya kuyenda bwino, kamutu ka parallax kamauma. Ndaonapo sikopu yokongola ili ndi mikwingwirima iwiri yozama ngati yalumidwa. Makampani ambiri amanena mphamvu ya pakati pa 15 ndi 18 inch-pounds pa masikuluwu apamwamba a maring'i, pafupifupi 2 Nm, koma werengani kapepala ka maring'i anu ndi ka sikopu yanu, mutsatire nambala yocheperapo. Imeneyi ndi mphamvu yochepa kuposa mmene dzanja limaganizira. Sikuludilaiva yoyeza mphamvu ndi yotchipa kwambiri poyerekeza ndi sikopu, ndipo ndimadabwa kuona munthu wagula galasi la ndalama zankhaninkhani koma akumanga ndi kiyi wa njinga. Pa masikuluwu a maring'i musathire Loctite pokhapokha wopanga atanena, chifukwa ikadali yamadzi imaterera ndipo mumamanga mopyola muyeso chida chikuonetsa nambala yolondola. Mangani mopingasa, pang'onopang'ono, mipata ya mbali ziwiri za ring'i ikhale yofanana. Ring'i isagunde pamene chubu chayamba kukula, kapena pa thupi lapakati pamene pali timitu.

Mukamaliza, jambulani kamzere ka pensulo pa chubu, m'mphepete mwenimweni mwa ring'i. Kamzereka kadzakuuzani zoona tsiku lina. Kakalowa pansi pa ring'i kapena kakatalikira, sikopu ikutsetsereka. Izi zimavuta kwambiri pa mfuti zokankha mwamphamvu monga .375 H&H ndi .458. Masikopu akuluakulu a 5-25x56 a chubu cha 34 mm amalemera pafupifupi kilogalamu imodzi, ena kupitirira apo, ndipo chinthu chikalemera chimalimbana kwambiri ndi maring'i mfuti ikamenya. Kwa munthu wogwira ntchito m'bango la m'mbali mwa mtsinje, pamene mtunda ndi waufupi, ine ndimalangiza sikopu yaing'ono yopepuka, ya 1-6x kapena 1.5-5x. Kukula si kulimba.

Mfuti za mphepo za sipuling'i, zothyola pakati zija, zili ndi khalidwe lawolawo. Zimamenya m'mbuyo kenako kutsogolo pistoni ikafika kumapeto, ndipo zimatha kuwononga sikopu imene yapirira mfuti yaikulu zaka zambiri. Musaikepo sikopu imene wopanga sananene kuti ndi yoyenera mfuti zotero, ndipo ring'i yakumbuyo ikhale ndi kamsomali kolowa m'bowo la pamwamba pa mfuti.

Kuyesa sikopu yeniyeniyo

Zonsezi zikakhala bwino koma gulu likuyendabe, ndiye nthawi yokayikira sikopu yakwana. Choyamba werengani makiliki, kulira kwa kamutu pamene mukukazunguza. Zunguzani kamutu kakumbali mofatsa mpaka kumapeto, osakakamiza, bwererani mukuwerenga mpaka kumapeto enawo, muone pamene ziro yanu inali. Ngati inali pafupi ndi kumapeto, kachubu kamkati kali mopanikizika kukhoma kapena sipuling'i yatambasuka moti siikukankha mokwanira. Sikopu yotero imasuntha ikagwedezeka ngakhale ilibe chilema. Vuto lili pa besi kapena maring'i opotoka, ndipo ndi amenewo ofunika kusintha.

Kayeso ka timitu ndimachitira pabwalo pakhomo, sikopu itachotsedwa pamfuti, kuti anansi asaone munthu akuloza mfuti kumpanda. Ndimamanga besi yakale pa thabwa lolemera, thabwalo n'kulipanikiza pa tebulo ndi zopanira. Pa khoma, mamita 25 oyeza ndi tepi, ndimamata pepala la mizere ya masentimita. Pa sikopu imene kiliki imodzi ndi 0.1 mil, imeneyo ndi sentimita imodzi pa mamita 100, ndiye pa mamita 25 makiliki 40 ayenera kusuntha kamtanda masentimita 10. Pa ya 1/4 MOA, kiliki imodzi ndi pafupifupi mamilimita 7 pa mamita 100, ndiye makiliki 40 pa mamita 25 apereka masentimita 7 ndi pang'ono. Zunguzani 40 m'mwamba, 40 kumanja, 40 pansi, 40 kumanzere. Kamtanda kayenera kubwerera pa kadontho kamene kanayambira. Bwerezani kasanu. Yang'anitsitsani ngati kakudumpha, kapena kuchedwa kuyamba kuyenda mutasintha mbali. Kenako, kamtanda kali pa kadontho, gogodani chubu ndi chikhatho m'mbali ndi pamwamba, muyang'anenso. Pomaliza zunguzani mphamvu yokulitsa kuchokera pansi mpaka pamwamba. Kamtanda kasachoke pa kadontho. Sikopu yabwino imapambana zonsezi mosavuta. Imene imafuna kuigogoda kuti makiliki "akhazikike" ndi yodwala, ngakhale akuluakulu ena anazolowera kutero.

Kayeso kotsiriza, kosatsutsika, ndi kusinthanitsa. Bwerekani sikopu ina imene mukuidziwa bwino, imangeni pa maring'i omwewo. Vuto likatha, mwapeza wolakwa. Likapitirira, bwererani ku mfuti.

Nthunzi, chuku ndi fumbi

M'mwezi wa Juni ndi Julayi chiperoni chikakuta Soche ndi Ndirande, ambiri amandiimbira kuti sikopu yachita nthunzi. Pukutani kunja kaye. Ikachoka, palibe vuto, galasi lozizira lakumana ndi mpweya wonyowa basi. Nthunzi ikakhala mkati, nkhani ndi ina. Masikopu abwino amadzazidwa nayitirojeni kapena argon wouma n'kutsekedwa ndi timphira. Nthunzi yamkati ikutanthauza kuti kamphira kena katha ndipo chinyezi chalowa. Kuiyanika padzuwa kumangobisa vutolo kwa masiku ochepa, kenako mudzaona timizere toyera ngati ukonde wa kangaude pa galasi lamkati. Chimenecho ndi chuku, ndipo chimadya utoto wapadera wa pagalasi. Musaitsegule, ndiponso musaipereke kwa okonza mawotchi kapena mafoni, ngakhale ali aluso pa ntchito yawo. Alibe mpweya wobwezeramo, ndipo kutsegula kungakutayitseni mwayi wokonzeredwa ndi kampani. Leupold ndi Vortex amadziwika ndi lonjezo lokonza zinthu zawo kwa moyo wonse, koma yambani mwafunsa amene anakugulitsani za njira yotumizira kunja ndi mapepala ofunika. Apa m'pamenenso sikopu yabodza imaonekera, chifukwa mayina otchukawa amaberedwa kwambiri, ndipo kampani ikaona nambala yake siikonza chinthu chimene sinapange. Musanagule ya munthu, tumizani nambalayo ndi zithunzi ku kampani pa intaneti.

Posunga, musasiye mfuti m'chikwama cha siponji nyengo yamvula, siponji imasunga chinyezi. M'sefa yokhomeramo mfuti ikani timapaketi tomwa chinyezi ta silica gel, muziumitsa nthawi ndi nthawi. Ngati kamtanda kamayaka, chotsani batire la CR2032 mukadziwa kuti papita miyezi. Fumbi la pagalasi liuzireni ndi kapampu kapena lichotseni ndi kaburashi kofewa musanapukute; kupukuta ndi m'mphepete mwa malaya kuli ngati kukwecha ndi mchenga.

Galimoto

Ndinasunga ichi kumapeto chifukwa ndi chimene chinatsala pa nkhani ya bambo aja. Titamanga zonse bwinobwino, ndinawaperekeza kugalimoto. Anatenga chikwama chopyapyala chija n'kuchigoneka pansi, kuseri kwa mpando wa pikapu, pamwamba pa jeke ndi sipanala ya matayala, sikopu ili pansi.

"Bambo, imayenda chonchi masiku onse?"

"Eya, kuyambira kale. Pali vuto?"

Mfuti ikalira imamenya sikopu motsata utali wake, ndipo opanga amaikonzekeretsa zimenezo. Msewu wafumbi wa mabampu umaimenya cham'mbali, kambirimbiri pa ulendo umodzi, kamutu kakumbali kakugunda chitsulo. Kutsika zokhotakhota za ku Thabwa, kuwoloka mlatho wa Kamuzu, kenako makilomita afumbi opita kufamu, sabata ndi sabata: masikuluwu ambiri amakhwepera pamenepo, ndipo sikopu yofooka imaonekeranso pamenepo. Kutentha kwa m'galimoto yotseka magalasi masana kumafewetsa girisi wamkati ndi kukalambitsa timphira. Ndinawauza apeze bokosi lolimba la siponji yokhuthala, aligoneke pa mpando kapena pa bulangeti, alimange lisamadumphe, ndipo ngati timitu tawo tilibe zivindikiro kapena loko, aziyang'ana manambala ake nthawi iliyonse akatulutsa mfuti, popeza kukhuzana ndi chikwama kokha kumatha kuzunguza makiliki angapo.

Tinagwirizananso za kayeso ka msewu. Awombere zisanu pa pepala, ayende ndi mfutiyo sabata ziwiri monga mwa ntchito yawo, awomberenso zisanu pa pepala lomwelo ndi zipolopolo za bokosi lomwelo, osakhudza timitu. Anachita kawiri, mu Disembala ndi mu Febuluwale mvula ili pakati. Ananditumizira chithunzi pa WhatsApp: mabowo onse ali pamodzi, oti n'kuphimbika ndi chivindikiro cha botolo la chiponde, ndipo kamzere ka pensulo kali pomwe tinakajambula. M'mwezi wa Seputembala mtengo ukadzauma adzabweranso kuti tidzayeze masikuluwu apansi.